Deta, Wi-Fi, linki ndi OTP: chonde ndimasulireni mawu amenewa m'chinenero chathu

Bambo wa ku Rosettenville analemba:

Ndikupereka moni kwa nonse a kwathu amene muli kuno ku Johannesburg. Ine ndine bambo wa zaka 56, kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo ntchito yanga ndi yosamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za anthu. Mpaka chaka chatha ndinali ndi kafoni ka mabatani, koma mwana wanga wamkazi anaumirira kuti ndigule foni yaikulu kuti tizionana nkhope tikamalankhula, poti adzukulu akukula osawadziwa agogo awo. Foniyo ndinagula m'tauni, ndipo mnyamata wa pa shopu ndiye anandiikiramo WhatsApp ndi zina zimene sindinazigwirepo mpaka lero.

Vuto langa ndi lakuti ndikugwiritsa ntchito chinthu chimene sindikuchimvetsa, ndipo chikundidyera ndalama. Ndimagula bandulo ya 1 GB, koma pomatha masiku atatu uthenga umabwera kuti deta yatha, chonsecho ine ndangoimba kawiri kumudzi. Kunyumba ina kumene ndimagwira ntchito Lachiwiri anandipatsa Wi-Fi, ndipo ndikakhala kumeneko deta yanga sichepa, koma sindidziwa ngati ndikuwonongetsa abwana ndalama. Mwana wanga amandiuza kuti nditsegule browser kapena ndidine linki, ine n'kumangovomera chifukwa cha manyazi. Komanso sabata yatha munthu wina anandiimbira, akulankhula mwaulemu ndithu, kuti ndimuwerengere nambala imene yalowa m'foni mwanga, yomwe ankaitchula kuti OTP. Sindinamupatse chifukwa mabasi ankachita phokoso ndipo foni inaduka.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, n'chifukwa chake ndabwera kudzafunsa. Kodi intaneti ndi chiyani kwenikweni, ndipo mawu amenewa akutanthauzanji?

Wokonza mafoni ku Mayfair anayankha:

Bambo, mwachita bwino kufunsa, ndipo dziwani kuti anthu ambiri amene amabwera pa tebulo langa, ngakhale achinyamata amene zala zawo zimathamanga pa foni, sangathe kuyankha funso lanu loyambalo. Ndiyamba ndi limenelo chifukwa ena onse akutsamira pa ilo.

Intaneti ndi makompyuta ndi mafoni a padziko lonse olumikizidwa ndi nthambo ndi mafunde a wailesi, amene anagwirizana njira imodzi yopatsirana uthenga. Anthu amaganiza kuti zonse zimayenda m'mwamba, koma mbali ya ulendo imene imadutsa mumpweya ndi yaifupi kwambiri. Mukatumiza chithunzi ku Ntcheu, foni yanu imachiduladula m'tizidutswa, n'kutitumiza pa mafunde kukafika pa nsanja ya netiweki imene ili pafupi nanu. Kuchokera pa nsanjapo, tizidutswato timalowa m'nthambo za fibre, zomwe ndi timaulusi tagalasi tonyamula uthenga ngati kuwala, n'kupita ku makompyuta akuluakulu otchedwa maseva. Seva ndi kompyuta imene sizima usana ndi usiku, yomwe ntchito yake ndi kusunga zinthu ndi kuzipereka kwa wozifuna. Ambiri mwa maseva a dziko lino ali m'nyumba zikuluzikulu zoziziritsidwa, monga za kampani ya Teraco ku Isando, pafupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo, kumene makampani osiyanasiyana amakumanitsa nthambo zawo n'kumasinthana uthenga, monga mmene mabasi a njira zosiyana amakumanira pa Park Station.

Uthenga wopita kutsidya kwa nyanja umadutsa m'nthambo zogona pansi pa nyanja yamchere. Nthambo ya SEACOM, imene inayamba kugwira ntchito mu 2009, ndi ya EASSy ya mu 2010, zimatulukira kumtunda pa Mtunzini ku KwaZulu-Natal, pomwe ya WACS imatulukira pa Yzerfontein ku Western Cape. Dziko lathu la Malawi silinagunde nyanja yamchere, choncho limadalira nthambo zodutsa m'maiko oyandikana nalo monga Tanzania ndi Mozambique. Mwina mukukumbukira kuti mu May 2024 kulankhula ndi kumudzi kunavuta kwa masiku angapo. Chimene chinachitika n'chakuti nthambo ziwiri zija za ku Mtunzini zinaduka m'nyanja, ndipo maiko a kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo kwathu, anatsala ndi njira zochepa. Ndimakonda kufotokoza nkhani imeneyi chifukwa imachotsa maganizo akuti intaneti ndi matsenga: ndi nthambo zimene zimaduka, ndipo amazilumikiza ndi anthu okwera sitima yapamadzi.

Tsopano pa mawu amene mwana wanu amatchula. Intaneti ndiye msewu, ndipo pamsewupo pamayenda zinthu zambiri: WhatsApp, imelo, mavidiyo, ndalama zotumiza kumudzi, ndiponso masamba owerenga amene timawatcha mawebusaiti. Msewuwo ndi wakale, unayamba ku America mu 1969 ndi makompyuta a malo anayi okha a maphunziro ndi kafukufuku. Mawebusaiti anabwera pambuyo, pamene Tim Berners-Lee anakonza njira yake mu 1989 akugwira ntchito ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi pafupi ndi Geneva ku Switzerland. Browser ndi pulogalamu ya m'foni yotsegulira masamba amenewo, ndipo m'foni mwanu mosakayikira muli Chrome, kachizindikiro kozungulira kofiira, kachikasu ndi kobiriwira, kokhala ndi kadontho kabuluu pakati. Anthu amasokoneza browser ndi Google, koma Google ndi malo ofufuzira: mumalemba funso, iyo n'kukuonetsani masamba amene akukamba za nkhaniyo. Sikuti Google yatsimikizira kuti zolembedwa m'masambawo ndi zoona. Linki ndi adiresi ya tsamba imene yalembedwa mwakuti mukaidina, browser imakutengerani komweko osavutika kulemba. Nthawi zambiri imaoneka yabuluu.

Mayi wa ku Cosmo City anayankha:

Achimwene a ku Mayfair afotokoza bwino, koma atitengera pansi pa nyanja pamene ndalama za bambowa zikuthera m'thumba. Ndiloleni ndikambe za deta, chifukwa ine ndinalira nayo kwa chaka chathunthu ndisanaimvetse.

Bambo, deta ndi muyeso wa katundu amene wadutsa pakati pa foni yanu ndi nsanja, kaya wolowa kaya wotuluka. Mmene kumsika amayezera chimanga ndi ndowa, pa intaneti amayeza ndi KB, MB ndi GB. Ma KB pafupifupi 1,000 amapanga 1 MB, ndipo ma MB pafupifupi 1,000 amapanga 1 GB. Uthenga wolemba ndi wopepuka kwambiri, moti mukhoza kulemba tsiku lonse osamaliza ngakhale 1 MB. Chithunzi n'cholemererapo, uthenga wa mawu nawonso, koma chimene chimameza bandulo ndi vidiyo. A Netflix, kampani yoonetsa makanema pa intaneti, eni ake amanena kuti ola limodzi la kanema limadya mpaka 1 GB pa kaonekedwe wamba, ndipo limafika 3 GB ngati chithunzi chili chowala kwambiri. Kuimba koonana nkhope ndi vidiyo yoyenda mbali ziwiri nthawi imodzi, yanu ikupita, ya adzukulu ikubwera, choncho kuimba kwanu kuwiri kuja kukhoza kukhala kuti kunadya zambiri kuposa mmene mukuganizira ngati munacheza nthawi yaitali.

Komabe ine ndikukayikira china. Ngati anakulowetsani m'magulu a WhatsApp, kaya la mpingo, la a kumudzi kapena la chithandizo cha maliro, n'kutheka kuti vidiyo iliyonse imene munthu waponya m'gulumo foni yanu ikuikoka yokha, ngakhale musanaitsegule. Gulu lathu la amayi limalandira mavidiyo a kwaya ndi maulaliki m'mawa uliwonse, ndipo ine ndinkalipira zonsezo osadziwa. Lowani mu WhatsApp, pitani pa Settings, kenako pa Storage and data, ndipo pamene palembedwa za kukoka zinthu pogwiritsa ntchito deta ya m'foni muchotse zonse zimene zachongedwa. Pomwepo pali batani lochepetsa deta poimba, limenelo mulitsegule. Chachiwiri, mapulogalamu a m'foni amadzikonzanso okha nthawi ndi nthawi, ndipo kukonzako kumafuna deta yambiri. Mu Play Store, momwe mumatengamo mapulogalamu, mukhoza kulamula kuti zimenezo zizichitika pa Wi-Fi pokha. Chachitatu ndi Facebook, imene mavidiyo ake amayamba kusewera okha munthu ukungodutsa.

Za Wi-Fi musade nkhawa kwambiri. Wi-Fi si intaneti ina yapadera ayi, koma ndi kanjira kakafupi ka mafunde pakati pa foni yanu ndi kabokosi ka m'nyumba kotchedwa rauta. Kabokosiko n'kamene kalumikizidwa ku intaneti, kawirikawiri ndi nthambo ya fibre, ndipo mwini nyumba amalipira pamwezi. Foni yanu ikalowa pa Wi-Fi imasiya kugwiritsa ntchito simukhadi pa nkhani za intaneti, n'chifukwa chake bandulo yanu sichepa Lachiwiri. M'nyumba zambiri za fibre amalipira mtengo umodzi posatengera kuchuluka kwa deta, kumene amati uncapped, ndipo ngati kwa abwana anu kuli choncho simukuwaonjezera ngakhale senti. Ulemu wake ndi kungowafunsa. Akavomera, Lachiwiri likhale tsiku lanu lokoka mavidiyo a adzukulu ndi kukonzetsa mapulogalamu.

Mudziwenso kuti kuno lamulo lili kumbali yanu pang'ono. Bungwe la ICASA, lomwe ntchito yake ikufanana ndi ya MACRA kwathu, linakhazikitsa malamulo amene anayamba kugwira ntchito mu 2019, akuti kampani izikuchenjezani mukagwiritsa ntchito theka la bandulo, ikafika pa 80 peresenti, ndiponso ikatha, komanso kuti isayambe kudya mayunitsi anu pa mtengo wokwera wa kunja kwa bandulo inu musanavomere. Choncho mauthenga amenewo muziwawerenga. Pogula muzionanso masiku, chifukwa bandulo yotchipa kawirikawiri imakhala ya tsiku limodzi, ya sabata, kapena ya usiku wokha, ndipo mwina yanuyo sinathe koma nthawi yake ndiyo inakwana.

Mlonda wa ku Kempton Park anayankha:

Akulu anga, phokoso la mabasi lija linakupulumutsani. Ine ndilibe luso la mafoni, koma nkhani ya OTP ndinaiphunzira ndi misozi, choncho ndilankhula zimene ndinaona.

OTP ndi nambala yachinsinsi yogwira ntchito kamodzi kokha, kwa mphindi zochepa. Banki, kampani yotumiza ndalama kapena WhatsApp imaitumiza ku nambala yanu pofuna kutsimikiza kuti amene akufuna kulowa mu akaunti ndi mwini simukhadi. Tanthauzo lake ndi lakuti ngati nambala yotere yalowa inu musanapemphe kanthu, pali munthu wina kwinakwake amene waima pakhomo panu ndipo chamutsalira ndi kiyi. Akakuimbirani n'kumupatsa, mwamutsegulira nokha.

Kwa ine uthenga unachokera pa nambala ya mnzanga wa kumpingo, wolembedwa m'Chichewa chabwinobwino, wakuti walakwitsa n'kutumiza nambala yake ya manambala 6 kwa ine, ndimubwezere. Ndinaitumiza mosaganiza kawiri, chifukwa dzina ndi chithunzi zinali zake. Pasanathe mphindi WhatsApp yanga inatseka. Mnzangayo anali ataberedwa kale akaunti mwa njira yomweyo, ndipo tsopano wakubayo anali ine. Analembera abale anga ku Mangochi ndi anzanga kuno kuti ndagwidwa chifukwa cha mapepala ndipo pakufunika ndalama mwamsanga. Mlongo wanga anatumiza ndalama imene ankasungira feteleza. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti wakubayo anadziwa bodza limene munthu wa kwathu sangalikayikire, popeza banja lililonse lokhala ndi mwana ku Joni limagona ndi mantha amenewo.

Pali chitetezo chimene ndikanachidziwa kale sizikanachitika. Mu WhatsApp, pa Settings, pa Account, pali Two-step verification, pomwe mumasankha nokha PIN ya manambala 6. Ikakhalapo, munthu angakhale atapeza OTP yanu, amafunsidwanso PIN imeneyo. Musasankhe chaka chobadwa, ndipo musaiuze mnyamata wa pa shopu ngakhale ndi amene akukuthandizani kuika. Mumupemphe akuonetseni malowo, kenako ayang'ane kumbali. Chinanso, ngati tsiku lina foni yangotaya netiweki kwa maola pamene anzanu a kampani yomweyo ali nayo, thamangani ku shopu ya kampaniyo, chifukwa akuba ena amasamutsa nambala ya munthu kupita pa simukhadi yawo kuti ma OTP onse azifikira kwa iwo.

Za malinki, ine ndinauzidwa kuti tsamba likakhala ndi kachizindikiro ka loko pamwamba ndiye kuti ndi lodalirika, ndipo ndimatsatira zimenezo.

Wokonza mafoni ku Mayfair anayankhanso:

Achimwene, pepani ndi zimene zinakuonekerani, ndipo zonse mwanena za OTP ndi zoona. Koma mawu anu omalizawo ndiwakonze, chifukwa ndi amene akugwetsa anthu ambiri masiku ano. Loko uja, pamodzi ndi zilembo za https kumayambiriro kwa adiresi, amangosonyeza kuti zimene mukulemba zikuyenda zobisika pakati pa foni yanu ndi tsambalo, moti wina wa panjira sangaziwerenge. Sanena kanthu za khalidwe la mwini tsambalo. Wakuba nayenso amatha kuika loko pa tsamba lake, ndipo kuikako n'kwaulere. Zili ngati envulopu yomatidwa bwino: palibe angaitsegule panjira, koma ngati adiresi ndi ya mbava, ikafika kwa mbava ili yomata.

Choyenera kuphunzira ndi kuwerenga adiresiyo. Muyang'ane mbali imene ili kumanzere kwa kamzere kopendekera koyamba pambuyo pa https://, ndipo muiwerenge kuyambira kumapeto kubwerera m'mbuyo, chifukwa dzina la mwini wake lili kumapetoko. Masamba ambiri a dziko lino amathera ndi .za, a kwathu ndi .mw. Masamba a boma la South Africa amathera ndi gov.za, mwachitsanzo a Home Affairs ali pa dha.gov.za. Tsopano wina akakutumizirani linki yonga gov.za.thandizo-laulere.com, imene ndangoipeka pano ngati chitsanzo, maso amathamangira pa gov.za, koma mwini wake weniweni ndi thandizo-laulere.com, dzina limene munthu aliyense akhoza kugula ndi ndalama zochepa. Ena amangosintha chilembo chimodzi pa dzina la banki. Ine lamulo langa pa nkhani za ndalama ndi mapepala n'lakuti sindilowera pa linki yobwera mu uthenga, ngakhale yachokera kwa m'bale wanga, koma ndimatsegula pulogalamu ya bankiyo kapena kulemba ndekha adiresi mu browser.

Amayi a ku Cosmo City anena zoona kuti ndinapita kutali, koma ndionjezepo kamodzi pa miyeso yawo. Mukaona pa chikwangwani cha fibre palembedwa 20 Mbps, chimenecho ndi liwiro osati kuchuluka, ndipo b wamng'onoyo ndi wosiyana ndi B wamkulu wa pa bandulo. Ma b 8 ndiwo amapanga B mmodzi, choncho 20 Mbps imakoka pafupifupi 2.5 MB pa sekondi. Zilembo za 3G, 4G ndi 5G pamwamba pa foni nazonso zikunena za mtundu ndi liwiro la netiweki. Liwiro lokha silidya deta, koma pa netiweki yothamanga mapulogalamu a vidiyo amasankha okha chithunzi chowala kwambiri, ndipo chimenecho n'chimene chimalemera.

Bambo wa ku Rosettenville analembanso:

Ndathokoza kwambiri nonse atatu. Usiku wathawu ndinakhala pansi ndi mnyamata wa nyumba yoyandikana nane, ndipo tinapeza kuti m'foni mwanga munali mavidiyo ochuluka a m'gulu la a kumudzi amene sindinawaonerepo n'kamodzi komwe. Tatseka kukoka kuja, PIN ndaika ndekha iye atatembenuka, ndipo ndaimbira mwana wanga kumuuza kuti uthenga uliwonse wopempha ndalama m'dzina langa asaukhulupirire asanamve mawu anga. Abwana a Lachiwiri ndawafunsa, aseka, ati ndigwiritse ntchito mmene ndingafunire.

Ndatsala ndi funso limodzi. Pamene tinkafufuta mavidiyowo, mnyamatayo anati zithunzi za adzukulu ndisade nazo nkhawa chifukwa zili mu cloud. Ndinamufunsa kuti malowo ali kuti, iye anangoloza kumwamba. Kodi foniyi itabedwa mu taxi, zithunzizo ndingazipezenso?

Mayi wa ku Cosmo City anayankhanso:

Bambo, mnyamatayo analoza kolakwika, akanaloza cha ku Isando kapena kutsidya kwa nyanja. Cloud ndi maseva omwe aja anafotokoza achimwene a ku Mayfair, kutanthauza kuti kope la zinthu zanu likusungidwa pa kompyuta ya kampani ina osati m'foni mokha. Pa foni ngati yanu kampaniyo ndi Google, ndipo akaunti iliyonse imapatsidwa malo aulere okwana 15 GB, ogawana pakati pa imelo, zithunzi ndi zosunga za WhatsApp.

Koma musangokhulupirira kuti zithunzizo zilikodi kumeneko, chifukwa zimapita pokhapokha ngati kusungako kunatsegulidwa. Lowani mu Google Photos muone ngati Backup ndi yoyatsa, ndipo mu WhatsApp muyang'ane pa Chats, kenako Chat backup, pomwe pamaoneka tsiku limene inasunga komaliza. Muike kuti izisunga pa Wi-Fi pokha, kuti ntchitoyo izichitika Lachiwiri.

Tsono pali chinthu chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu yoyamba. Munati mnyamata wa pa shopu ya m'tauni ndiye anakuikirani zonse. Ngati ndi choncho, ndiye kuti ndi iyeyo amene anakutsegulirani akaunti ya Google, ndipo mwina adiresi ya imelo ndi pasiwedi yake simukuzidziwa. Popanda ziwirizo, foni ikabedwa zithunzi zidzakhalapo ndithu pa seva, koma inu simudzakhala ndi njira yozifikira. Adiresiyo mukhoza kuiona mu Settings ya foni, pamene palembedwa Google, ndipo imathera ndi @gmail.com. Muilembe m'kabuku, musinthe pasiwedi foni idakali m'manja mwanu, ndipo muikemo nambala yanu ya foni ngati njira yobwezeretsera akaunti. Ine kabuku kanga ndimasunga m'chikwama chimodzi ndi pasipoti, ndipo adiresi yokhayo, popanda pasiwedi, ndinaitumizanso kwa mchemwali wanga ku Lilongwe.